Mawu ndi milomo zikasemphana pa vidiyo: gwero lake ndi kakonzedwe kake

Vidiyo ya ukwati yatuluka, koma abusa akamalankhula milomo ikuyamba kugwedera mawu n'kumabwera pambuyo. Kapena ndi ya kwaya, ndipo phokoso la kuwomba m'manja likumveka manja asanagundane. Anthu ambiri akaona zoterezi amatsegula pulogalamu yoeditira n'kuyamba kukankha mawu uku ndi uku mpaka paoneke bwino pamene akuyang'anapo. Akapita patsogolo ndi mphindi 20 amapeza kuti zasemphananso. Zimatero chifukwa kusemphanaku kulipo kwa mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi gwero lake komanso kakonzedwe kake. Ntchito yaikulu ndi kudziwa mtundu womwe muli nawo. Mukaudziwa, kukonza kwenikweniko nthawi zambiri sikudya mphindi zisanu.

Zomwe zili m'kati mwa fayilo

Fayilo ya MP4, MKV kapena MOV imasunga zinthu ziwiri zomwe zinajambulidwa padera: mzere wa zithunzi ndi mzere wa mawu. Zithunzi zimabwera motsatizana, 25 kapena 30 pa sekondi, ndipo chilichonse chimatchedwa fulemu. Mawu amayezedwa maulendo 48,000 pa sekondi, kapena 44,100 ngati achokera ku nyimbo za pa CD. Chomwe chimagwirizanitsa mizere iwiriyi ndi nambala za nthawi zolembedwa pa kachidutswa kalikonse, zonena kuti fulemu iyi ioneke pa sekondi yakuti, mawu awa amveke pa sekondi yakuti. Mapulogalamu ambiri oonetsera vidiyo amatsata wotchi ya mawu, n'kumaika zithunzi molingana nayo. Nambalazi zikalakwika, kapena pulogalamu ina ikazinyalanyaza n'kumangowerenga mafulemu payokha, mizere iwiri ija imasiyana.

Diso ndi khutu la munthu sizimva kusemphana mofanana mbali zonse. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kotero tinazolowera kuona kaye n'kumva pambuyo: munthu akamawaza nkhuni kutsidya kwa dambo, nkhwangwa imatera kaye, kugunda kwake n'kutifika mochedwerako. Mawu otsogola zithunzi sitikumana nawo m'moyo, n'chifukwa chake amasowetsa mtendere msanga. Bungwe la dziko lonse loona za mauthenga la ITU, mu muyezo wake wa BT.1359, linapeza kuti anthu amayamba kuzindikira vuto mawu akatsogola ndi mamilisekondi 45 (milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi), koma akachedwa amazindikira akafika pa 125. Bungwe la ma wayilesi a ku Ulaya la EBU limalola mamilisekondi 40 kutsogola ndi 60 kuchedwa. Pa vidiyo ya mafulemu 25, fulemu imodzi ndi mamilisekondi 40. Choncho cholinga chanu chikhale kufika m'kati mwa fulemu imodzi, ndipo ngati mukukayika pakati pa malo awiri, sankhani pomwe mawu akuchedwa pang'ono.

Yambani mwatsimikiza kuti vuto lili m'fayilomo

Musanakhudze fayilo, ionereni pa chipangizo china. Mahedifoni ndi masipika a Bluetooth amachedwetsa mawu, kawirikawiri ndi mamilisekondi pakati pa 100 ndi 300, ndipo si pulogalamu iliyonse yomwe imabwezera nthawi imeneyi. TV zamakono zimachedwetsa zithunzi chifukwa zimazikongoletsa kaye, ndiye ngati mawu akutulukira pa sipika yakunja amatsogola. Pa TV zotere fufuzani m'menyu ya mawu pomwe palembedwa AV Sync kapena Lip Sync. Kompyuta yofooka ikamalimbana ndi vidiyo ya 4K kapena ya H.265 imatsalira pa zithunzi mawu akuyenda bwinobwino. Pamenepa chizindikiro chake n'chakuti mukaimitsa n'kuyambanso, zimagwirizana kwa kanthawi kenako n'kusiyananso.

Zonsezi si zolakwika za fayilo. Mukasuntha mawu m'fayilo kuti agwirizane ndi mahedifoni anu a Bluetooth, mwawononga vidiyo yomwe inali bwino kwa wina aliyense. Yesani ndi mahedifoni a waya kapena sipika ya m'kompyuta momwemo, ndi mapulogalamu awiri osiyana, monga VLC ndi mpv.

Kuyeza

Pamafunika malo pomwe diso likuona chinthu chochitika kamodzi n'kamodzi ndipo khutu likumva phokoso lakuthwa: kuwomba m'manja, dzanja kugunda ng'oma, chitseko kumenyetsedwa. Ngati ndi kulankhula kokhakokha, dikirani mawu okhala ndi p, b kapena m, monga bambo, pepani, amayi. Pa zilembo zimenezi milomo imatsekeka kwathunthu, ndipo phokoso limatuluka pomwe ikutseguka. Mawu monga ali, iwo kapena uyu sathandiza chifukwa kamwa imakhala yotseguka nthawi yonse.

Mu VLC ya pa Windows kapena Linux, batani la K limachedwetsa mawu ndi mamilisekondi 50 mukalidina kamodzi, la J limawafulumizitsa ndi muyezo womwewo. Pa Mac mabataniwa ndi G ndi F. Nambala imaoneka pakona ya sikirini. Batani la E limayendetsa vidiyo fulemu imodziimodzi. Kuti muike nambala yeniyeni, monga 0.280, pitani pa Tools kenako Track Synchronization. VLC ya pa Android ili nazonso pansi pa dzina loti Audio delay. Dziwani kuti VLC sisintha fayilo. Mukatseka zonse zabwerera mwakale, ndiye lembani nambala yomwe mwapeza.

Yezani pa malo atatu: koyambirira, pakati ndi kumapeto. Apa m'pomwe anthu ambiri amadumpha, chonsecho nambala zitatuzi ndizo zimakuuzani chochita. Zikafanana zonse, mawu angosunthika ndi muyezo umodzi. Zikamakula mwadongosolo, monga 0.2 koyambirira, 2.0 pa theka la ola, 3.8 pa ola, mawu ndi zithunzi zikuyenda pa liwiro losiyana. Zikakhala zosalongosoka, pena bwino, pena theka la sekondi, pena n'kubwereranso, ndiye kuti pali mafulemu osayenda mofanana kapena pali tizidutswa totayika.

Tsegulaninso fayiloyo mu pulogalamu yaulere ya MediaInfo. Yang'anani zinthu zinayi: Duration ya zithunzi ndi ya mawu, Frame rate, Frame rate mode, ndi Sampling rate. Nthawi zina imaonetsanso mzere wa Delay relative to video, womwe umanena kusuntha komwe kunalembedwa kale m'fayilomo.

Mtundu woyamba: kusemphana kofanana ponseponse

Uwu ndi wosavuta, ndipo sufuna kuti zithunzi zipangidwenso. Kupanganso zithunzi kumadya nthawi komanso kumatsitsa kuwala ndi kuthwa kwake, pomwe chofunika ndi kungosintha nambala za nthawi.

Mu pulogalamu ya MKVToolNix, ikani fayilo, dinani mzere wa mawu, ndipo kumanja lembani nambala pa Delay. Nambala 300 ichedwetsa mawu ndi mamilisekondi 300, pomwe -300 iwabweretsa kutsogolo. Mukadina Start multiplexing, vidiyo ya maola awiri imatha m'nthawi yongokwanira kukopera fayiloyo. Chotuluka ndi MKV, yomwe TV zina zakale ndi mapulogalamu ena oeditira salandira. Ofuna MP4 angagwiritse ntchito Avidemux: siyani Video Output ndi Audio Output pa Copy, chongani pa Shift, lembani mamilisekondi, ndipo sankhani MP4 Muxer.

Ozolowera kulemba malamulo pa kompyuta amachita ndi pulogalamu ya ffmpeg. Fayilo imodzimodziyo imatsegulidwa kawiri, zithunzi n'kutengedwa ku yoyamba, mawu ku yachiwiri. Ngati mawu akutsogola ndi masekondi 0.3:

ffmpeg -i ukwati.mp4 -itsoffset 0.3 -i ukwati.mp4 -map 0:v -map 1:a -c copy yokonza.mp4

Ngati mawu akuchedwa, -itsoffset 0.3 ikhale patsogolo pa -i yoyamba, kuti zochedwetsedwa zikhale zithunzi. Njirayi ili ndi msampha umodzi. Mu MP4 kusunthaku kumalembedwa ngati langizo lapadera lomwe mapulogalamu ena ndi TV zina sizilabadira, ndiye fayilo imaoneka yabwino pa kompyuta yanu koma kwa mwini ukwati yasemphanabe. Chodalirika kwambiri ndi kusintha mawu enieniwo, zithunzi n'kuzisiya momwe zilili. Kuchedwetsa:

ffmpeg -i ukwati.mp4 -c:v copy -af "adelay=300|300" -c:a aac -b:a 192k yokonza.mp4

Nambala yalembedwa kawiri chifukwa pali mbali ya kumanzere ndi ya kumanja. Mukailemba kamodzi, mbali imodzi yokha ndiyo ichedwe ndipo mawu amveka ngati akubwerezabwereza. Kufulumizitsa kumachitika podula chiyambi cha mawu, ndi -af "atrim=start=0.3,asetpts=PTS-STARTPTS" pamalo omwewo.

Pa foni, CapCut ili ndi Extract audio yomwe imapatula mawu kuti muwakoke ndi chala. Zimatheka, koma vidiyo yonse imapangidwanso potuluka, ndipo chala sichiyeza mamilisekondi, ndiye kulitsani mzere wa nthawi mpaka pamapeto musanakoke.

Mtundu wachiwiri: kusemphana kokulirakulira

Apa kukankha mawu sikuthandiza, chifukwa mukakonza koyambirira kumapeto kumatsala kolakwika. Muyenera kusintha kutalika kwa mawu. Ndipo kukula kwa kusemphanako kumaulula gwero lake, chifukwa nambala zomwe zimapezeka kawirikawiri n'zochepa.

Masekondi 3.6 pa ola ndi kusiyana kwa mafulemu 30 ndi 29.97, kapena 24 ndi 23.976. Nambala zachilendozi zinachokera ku America mu 1953, pomwe TV ya mitundu inkayambitsidwa ndipo liwiro la mafulemu linatsitsidwa ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000. Makamera ambiri amalemba 30 pa menyu pomwe akujambula 29.97, ndipo pulogalamu ikatenga nambala ya pa menyu ngati yoona, zithunzi zimathamanga pang'ono kuposa mawu.

Mphindi ziwiri ndi theka pa ola ndi kusiyana kwa 24 kapena 23.976 ndi 25. Mayiko ogwiritsa ntchito magetsi a 50 Hz, monga Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain, anatengera TV ya mafulemu 25. Filimu yojambulidwa pa 24 ikamapita pa TV kapena DVD ya mayiko otere imathamangitsidwa ndi pafupifupi 4 peresenti, kotero ya mphindi 100 imatha pa mphindi 96. Amene amaika mawu omasulira pa mafilimu amakumana nazo akajambula mawu akuonera kope limodzi kenako n'kuwaika pa kope lina lowala bwino lochokera kwina.

Pafupifupi mphindi 5 pa ola, komanso mawu omveka opyapyala kapena onenepa mosazolowereka, ndi 44,100 yowerengedwa ngati 48,000 kapena mosinthanitsa. Kusiyana kwake ndi 8.8 peresenti.

Kusemphana kochepa kwambiri, kosakwana theka la sekondi pa ola, kumachokera ku mawotchi a zipangizo. Kamera ili ndi wotchi yake, rekoda ya mawu monga Zoom kapena Tascam ili ndi yakenso, ndipo palibe mawotchi awiri ofanana ndendende. Akasiyana ndi magawo 50 okha mwa miliyoni, pa ola pamatuluka masekondi 0.18. Pa mwambo wa maola atatu imeneyo ndi theka la sekondi, lomwe aliyense aliona.

Kawerengedwe kake n'kamodzi pa zonsezi. Tinene kuti koyambirira mawu akuchedwa ndi 0.2, ndipo pa ola limodzi akuchedwa ndi 3.8. Chotsani yoyamba pa yachiwiri, patsala 3.6 pa masekondi 3,600. Mawu omwe anayenera kukwana m'masekondi 3,600 akutenga 3,603.6. Gawani 3,603.6 ndi 3,600, mupeza 1.001. Mawu afulumizitsidwe ndi nambala imeneyo, ndipo 0.2 ya koyambirira ija idulidwe:

ffmpeg -i msonkhano.mp4 -c:v copy -af "atrim=start=0.2,asetpts=PTS-STARTPTS,atempo=1.001" -c:a aac -b:a 192k yokonza.mp4

Mawu akakhala kuti ndiwo akuthamanga, nambalayo imakhala yochepera 1. Mawu ochokera ku kope la 25 opita pa zithunzi za 23.976 amafuna atempo=0.95904.

Pali njira ziwiri zosinthira kutalika kwa mawu, ndipo kusankha pakati pake n'kofunika pa nyimbo. Ya atempo, yomwe mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity ndi Change Tempo, imadula ndi kulumikiza tizidutswa kuti kamvekedwe ka mawu kasakwere kapena kutsika. Pa kulankhula simungamve kanthu, koma pa kwaya yokoka mawu kapena pa kiyibodi nthawi zina pamamveka kunjenjemera. Njira inayo, Change Speed (pa Audacity yatsopano imalembedwa Change Speed and Pitch), imangoyendetsa zonse mofulumira kapena mochedwa, ndipo kamvekedwe kamasintha limodzi ndi liwiro. Pa 0.1 peresenti khutu silimva kusinthako, ndipo nyimbo imatuluka yoyera. Mu ffmpeg, pa mawu a 48,000, mumalemba asetrate=48048,aresample=48000. Pa vuto la 44,100 ndi 48,000 njira yachiwiriyi ndiyo yolondola, chifukwa imabweza liwiro ndi kamvekedwe nthawi imodzi. Change Speed ilinso ndi malo olembapo kutalika komwe mukufuna, kotero simusowa kuwerengera maperesenti.

Pa kusemphana kwa mawotchi, ambiri oedita sachita kusintha liwiro. Amadula mawu pomwe pali bata mphindi 15 zilizonse n'kusuntha chidutswa chotsatira ndi fulemu imodzi. Pa 0.18 pa ola, mphindi 15 zimabweretsa mamilisekondi 45, omwe ndi pafupifupi fulemu imodzi ya 25, ndiye zimakwanira bwino.

Mtundu wachitatu: kusemphana kosalongosoka

Masiku ano gwero lalikulu la mtundu uwu ndi mafoni. Foni sijambula pa liwiro lokhazikika. Kukachita mdima, kapena ikatentha, imatsitsa mafulemu kuchoka pa 30 kufika pa 27 kapena 24, kenako n'kukweranso. Mapulogalamu ambiri ojambula sikirini amachitanso chimodzimodzi. Fayilo yotere imaoneka bwino pa foni yomweyo, chifukwa fulemu iliyonse ili ndi nambala yake ya nthawi yolondola. Vuto limabadwa pomwe pulogalamu yoeditira iganiza kuti mafulemu 30 aliwonse ndi sekondi imodzi. Pomwe foni inajambula 24 okha, zithunzi zimafupika mawu ali chimodzimodzi. MediaInfo ikalemba Variable pa Frame rate mode, mwapeza gwero.

Kukonza kwake kumachitika musanayambe kuedita, pa fayilo yoyambirira yochokera m'foni. Mu pulogalamu ya HandBrake, pa tsamba la Video, sankhani Framerate 30 kapena 25 molingana ndi makamera ena a pa ntchitoyo, chongani Constant Framerate, ndipo ikani RF, muyezo wa kuoneka bwino kwa zithunzi, pa 18 kuti zithunzi zisatsike moonekera. Ndi ffmpeg:

ffmpeg -i foni.mp4 -c:v libx264 -crf 18 -r 30 -fps_mode cfr -c:a aac -b:a 192k -ar 48000 yokhazikika.mp4

Pa ffmpeg yakale, m'malo mwa -fps_mode cfr lembani -vsync cfr. Apa zithunzi zipangidwanso, palibe kuchitira mwina. Ngati munaedita kale ndipo vidiyo yotuluka ndiyo yasemphana, kuidutsitsa mu HandBrake sikuthandiza, chifukwa nambala zoona za nthawi zinatayika potuluka. Bwererani ku mafayilo oyambirira, akonzeni, kenako muwalowetse m'malo mwa akalewo mu pulojekiti yanu. N'chifukwa chake simuyenera kufufuta za m'memori khadi ntchito isanaperekedwe.

Gwero lina ndi tizidutswa totayika, monga pa vidiyo yojambulidwa kuchokera pa TV kapena pa intaneti netiweki ikuduladula. Pakatayika theka la sekondi la mawu, zonse zotsatira zimasunthika ndi theka la sekondi. Ngati nambala za nthawi zikusonyezabe mpatawo, -af aresample=async=1 imadzaza bata pomwe panatayika n'kubwezeretsa mawu m'malo mwake. Ngati sizikusonyeza, palibe chidule: pezani pomwe pali kulumpha, dulani mawu pamenepo, sunthani. Kuti mupeze msanga, yang'anani pakati pa vidiyo. Ngati pali bwino, vuto lili m'theka lachiwiri, ndiye yang'anani pakati pa theka limenelo, n'kumapitiriza chomwecho. Pa vidiyo ya maola awiri, maulendo 7 amakufikitsani m'kati mwa mphindi imodzi.

Kulumikiza mafayilo nakonso kumabala kulumpha. Makamera olemba pa memori khadi ya FAT32 amadula fayilo isanapitirire 4 GB, ndipo amadula paliponse, ngakhale pakati pa kachidutswa ka mawu. Mafayilo oterewa, a mtundu wa MTS, mukawaika payekhapayekha mu pulogalamu yoeditira, pa malo aliwonse olumikizira pamatayika mawu pang'ono. Alumikizeni kaye momwe alili, pa Windows polemba copy /b 00001.MTS+00002.MTS zonse.MTS, kenako mulowetse fayilo imodziyo. Zimenezi zimagwira pa MTS ndi VOB za pa DVD, osati pa MP4.

Mawu a pa mikisa ndi kamera yomwe ili kutali

Ojambula m'matchalitchi ndi m'maholo amatenga mawu oyera pa mikisa, kenako pulogalamu yoeditira monga DaVinci Resolve kapena Premiere Pro imawagwirizanitsa yokha ndi mawu omwe maikolofoni ya kamera inatola. Pulogalamu imachita ntchito yake molondola, komabe milomo imaoneka yotsogola. Chifukwa chake ndi mtunda. Kamera ikakhala mamita 20 kuchokera pa sipika, mawu amafika kwa iyo atachedwa ndi mamilisekondi 58. Pa mamita 40 ndi 117, pafupifupi mafulemu atatu. Kamera ikakokera nkhope pafupi, woonera amayembekeza mawu a munthu amene ali pafupi, ndiye kuchedwako kumaonekera. Pulogalamu ikamaliza, sunthani mawu a pa mikisa kutsogolo ndi mamilisekondi 3 pa mita iliyonse, kenako tsimikizani ndi milomo.

Poulutsa pa Facebook kapena YouTube ndi pulogalamu ya OBS zimakhala mosiyana: mawu a pa mikisa amafika pa kompyuta msanga, pomwe zithunzi zimachedwa m'kachipangizo kolumikiza kamera. Mwambo usanayambe, wina aime patsogolo pa kamera awombe m'manja pafupi ndi maikolofoni, jambulani masekondi 10, yezani mu VLC, ndipo nambala yomwe mwapeza muilembe pa Sync Offset mu Advanced Audio Properties.

Zoyenera kuchita pa tsiku lojambula n'zochepa. Makamera onse akhale pa liwiro limodzi la mafulemu, ndipo m'dziko la magetsi a 50 Hz liwirolo likhale 25 kapena 50, zomwe zimachepetsanso kuphethira kwa mababu pa zithunzi. Rekoda, OBS ndi pulojekiti yoeditira zonse zikhale pa 48,000. Wina awombe m'manja kamodzi moonekera kwa makamera onse koyambirira, ndiponso kumapeto musanazimitse. Kuwomba koyamba kumakupatsani poyambira, kwachiwiri kumakupatsani nambala yowerengera kusiyana kwa mawotchi. Ndipo vidiyo ikatuluka, musanaipereke, ionereni pa foni ndi sipika yake yomwe, pa malo atatu aja, chifukwa anthu ambiri adzaionera pamenepo.